Kabokosi kofiira ka mkamwini wa kwa Nachisale

Mwambi umene uli pakamwa pa aliyense pamsika wa Nansadi masiku ano, kuyambira azimayi ogulitsa nthochi mpaka anyamata a kabaza, unayamba motere, ndipo aliyense apeze pokhala chifukwa nkhaniyi siikoma choimirira.

Pamsikapo panali bambo wina dzina lake Damiyano Likoswe, wojambula makanema a maukwati. Anali ndi kashopu kachipinda chimodzi, kamera imodzi ndi laputopu yakale yomwe inkalira ngati chigayo ikatentha. Koma chofunika kuchidziwa kwambiri n'chakuti a Likoswe anali mkamwini. Chikwatirireni Felesiya ankakhala pamudzi pa apongozi awo, mayi Nachisale, ndipo apa n'kuti zaka zitakwana zisanu ndi zinayi. Mwa mwambo wa pamudzipo, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso ndipo salankhulana. Akakumana panjira, wina amapatukira m'chinangwa mpaka mnzake adutse. Choncho zonse zimene mayi Nachisale ankaganiza za mkamwini wawo zinkadzera mwa Felesiya, ndipo zinkafika zikadali zotentha.

"Amayi akuti akamwini a anzawo amabweretsa matumba a chimanga, wawo amabweretsa zithunzi za anthu akudya keke."

"Mukawauze kuti zithunzi sizifumbwa, amake Ndaziona."

"Ndikawauzedi?"

"Ayi, ingosiyani."

Zinkayenda choncho mpaka chaka chimene Malita, mng'ono wake wa Felesiya, anakwatiwa. Ukwati wake unali wosasimbika. Kutchalitchi maola atatu, kuholo maola asanu ndi limodzi, perekaniperekani yekha anatha maola anayi chifukwa azakhali a mkwati ankabwereza nyimbo yawo katatukatatu. A Likoswe anajambula zonse, osaphonya ngakhale mbuzi imene inalowa muholo nthawi ya malangizo. Munthu mmodzi yekha ndiye sanabwere, Lufeyo, mwana wamwamuna yekhayo wa mayi Nachisale, amene ankagwira ntchito ku Joni ndipo abwana ake anamukaniza tchuthi. Lufeyo anatumiza tikiti ya basi yoti mayi ake akamuone, pamodzi ndi uthenga wakuti abwere ndi kanema yense, osadula ngakhale pamene munthu akutsokomola.

Kanemayo anali wa magiga 200. Kumutumiza pafoni kukadatha bandulo ya mudzi wonse, ndipo timafulashi ta a Likoswe tinali tating'ono, tongokwana nyimbo za kwaya. Ndiye Lachiwiri madzulo Felesiya anabwera ndi uthenga wa mtundu wina.

"Amayi akuti akamwini awaikire ukwati wonse m'kanthu kokwana kumanga pansonga ya chitenje. Akunyamuka Lachisanu, minibasi yomaliza ya folo koloko, akagone ku Blantyre n'kukwera basi m'mawa mwake."

A Likoswe anakhala tsonga. Zaka zisanu ndi zinayi apongozi asanawapemphepo kanthu, ngakhale kuwathyolera papaya. Lero akupempha, ndipo akupempha chinthu chimene akamwini a matumba a chimanga aja sangachithe ngakhale atasonkhana onse. Zikatheka, dzina lawo likwera mpaka ku Joni. Zikalephereka, Lufeyo saona ukwati wa mlongo wake, ndipo nkhani ya keke ija idzanenedwa mpaka pamaliro awo.

Lachitatu m'mamawa anali kale mu minibasi ya ku Limbe, laputopu ili pamiyendo. Anakafika m'shopu ina ya zamakompyuta ya mtsikana wina dzina lake Elube, amene anthu ankati akamva kulira kwa laputopu amadziwa matenda ake asanaitsegule.

"Achemwali, ndikufuna SSD. Yothamanga, komanso yosadula khosi."

Kwa amene sakudziwa, SSD ndi kabokosi kosungiramo zinthu za m'kompyuta, kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo kamalandira katundu mofulumira kuposa fulashi. Elube anatulutsa titatu n'kutindandalika pagalasi. Kakuda bii, kotuwa, ndi kofiira psuu konyezimira ngati nsapato za mkwatibwi. Tonse tinali tokwana magiga 500.

"Kakudaka ndi K180,000. Kotuwaka K95,000. Kofiiraka K55,000."

"Pakatoni alemba chiyani?"

"Kakuda alemba 1,000, kotuwa 550, kofiira nakonso 550. Ndilo liwiro limene eni ake akunena."

"Eni ake anganene zilizonse. Ngakhale ine pachitseko changa ndinalemba kuti ndimajambula ndi makamera atatu. Tithamangitse pompano, ndione ndi maso angawa."

Elube anaseka, nati palibe vuto. A Likoswe anatsegula laputopu, anasankha kachidutswa ka kanema kamene akwati akudula keke, ka magiga awiri, anatulutsa foni yowerengera masekondi, ndipo anthu amene anabwera kudzagula matchaja anaiwala zimene anadzera n'kuunjikana kumbuyo kwawo. Anayamba ndi kakuda. Kamzere kobiriwira kanangoti fyuu, masekondi asanu. Kotuwa masekondi asanu ndi limodzi. Kofiira, abale inu, masekondi asanu, ndendende ndi kakuda kodula kaja.

A Likoswe anabwereza mpikisanowo kachiwiri, kenaka kachitatu, ndipo zotsatira sizinasinthe. Mtima wawo unali kuvina ngati wa mwana amene waona dzina lake pamwamba pa mndandanda wa okhoza mayeso.

"Achemwali, tandiuzani zoona. Kakudaka kadulira chiyani?"

"Kakudaka n'kothamangadi, bambo, koma osati pa laputopu yanuyi. Yanuyi ndi yakale, khomo lake lolumikizira sililola liwiro loposa limene mwaonali. Mukakagula mwataya ndalama."

A Likoswe anatembenukira anthu aja. "Mwamva? Ameneyu ndiye wamalonda woopa Mulungu. Ndikulungireni kofiira."

"Ayi, kanu ndi kotuwa."

"Aa, mwayambapo. Poyamba munanena zoona, tsopano mwakumbukira lendi."

"Tamverani, bambo. Kofiiraka kali ngati nyumba ya khonde lalikulu koma chitseko chopapatiza. Mukabwera ndi katundu wochepa, kamangomulandirira pakhonde, inu n'kumati kamaliza. Khonde likadzaza, katundu yense wotsala amayenera kulowa pachitseko paja, mmodzimmodzi. Kotuwaka chitseko chake n'chachikulu. Kamayenda chimodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wosunga zikalata ndi zithunzi kofiira kamukwanira, ndipo ndimagulitsa tambiri. Koma inu mwati muli ndi magiga angati?"

"200."

"Ndiye khalani pabenchi apo, tiike onse 200 m'kofiira, kenaka m'kotuwa, muone nokha. Sindikulipiritsani."

Apa ndiye pamene panali pothawira, koma a Likoswe anali ataledzera kale ndi masekondi asanu aja. Anatseka laputopu mwaulemu ngati m'busa wotsiriza ulaliki.

"Achemwali, wolawa ndiwo samaliza mphika. Ndalawa katatu. Kotuwako kachedwa ndi sekondi yathunthu, ndipo mukufuna ndiwonjezere K40,000 kuti ndigule kuchedwa? Ine masamu ndinakhoza."

"Chabwino. Koma mukafika kunyumba mukayambe kukopera lero lomwe."

A Likoswe analipira, anaika kabokosi kofiira m'thumba la malaya pafupi ndi mtima, ndipo njira yonse yobwerera ankachita masamu pachikhatho. Magiga awiri masekondi asanu. Ndiye kuti magiga 200 masekondi 500. Masekondi 500 ndi mphindi zisanu ndi zitatu ndi masekondi makumi awiri. Ukwati wa maola asanu ndi anayi kulowa m'bokosi la machesi mu mphindi zisanu ndi zitatu. Anaseka okha mpaka kondakitala anawafunsa ngati ali bwino.

Atafika, Felesiya anakagwira kabokosiko, anakatembenuza uku ndi uku.

"N'kokongola. Ndiye yambani, bambo a Ndaziona, kuti pofika Lachisanu tikhale titamanga kale."

"Ndiyambe pandekha? Popanda mboni?"

"Mboni za chiyani? Ndi mlandu?"

"Amake Ndaziona, ndikakopera lero, amayi adzangolandira kabokosi ngati alandira machesi. Adzati ngakhale mwana akadatha. Ndikufuna aone ndi maso awo ukwati wonse ukulowa mu mphindi zisanu ndi zitatu. Chimanga cha akamwini enawo chimatenga miyezi inayi."

Felesiya anawabwezera kabokosiko n'kupita kukatsuka mbale.

Lachinayi lonse a Likoswe analithera pokonzekera. Anatenga choko n'kulemba pachitseko cha shopu ndi zilembo zazikulu kuti: LACHISANU HAFU PASITI WANU, UKWATI WONSE MU MPHINDI 8, KUONERA ULERE. Anabwereka mabenchi awiri kwa a Gomiwa, ometa tsitsi oyandikana nawo. Ndi ndalama zimene anapulumutsa ku Limbe anagula kireti ya zoziziritsa kukhosi. Vuto linatsala limodzi. Apongozi aonera bwanji laputopu popanda kuona mkamwini? Analiganizira mpaka analipezera njira. Anaika tebulo pakhonde la shopu, laputopu pamwamba, ndipo pambali pake anapachika chitenje ngati katani. Iwo aima kuseri kwa chitenjecho, dzanja lokha ndilo lizituluka kukadina, diso limodzi lizisuzumira pakampata.

Lachisanu hafu pasiti wanu pakhonde panalibe poponda. Mayi Nachisale anafika atavala zapaulendo, chikwama chachikulu cha mizeremizere chili pamutu. Munali ufa, nyemba, mtedza, usipa wouma ndi nthochi zosapsa, zonse za Lufeyo. Anachitula, anakhala pampando wa kutsogolo, manja pamaondo. Felesiya anaima pakati pa mpando ndi chitenje, pantchito yake ya masiku onse.

"Amayi akuti kupita kumsewu wa tala ndi mtunda wa theka la ola, ndiye hafu pasiti fili akhala atanyamuka."

Kuseri kwa chitenje kunachokera mawu okoma ngati a wolengeza pawailesi. "Muwauze kuti pofika nthawi imeneyo akhala ataiwala kuti anadikirapo."

Dzanja linatuluka, linaonetsa anthu kabokosi kofiira uku ndi uku, linakalumikiza, linadina. Ndipo kamzere kobiriwira kananyamuka. Kananyamuka, anthuni. Magiga asanu, khumi, khumi ndi asanu, laputopu n'kulemba kuti kwatsala mphindi zisanu ndi ziwiri. Azimayi a nthochi anayamba nthungululu. A Gomiwa anasiya munthu atametedwa mbali imodzi. Ngakhale mayi Nachisale anasendeza mpando pang'ono kutsogolo, ndipo diso la pakampata lija linaona zimenezo, mwini wake n'kumva ngati wamera mapiko.

Pa magiga makumi awiri kamzere kanaima.

Sikanaime kwenikweni. Kankayenda, koma kuyenda kwake kwa mzere wa kuchigayo tsiku loti magetsi angobwera kumene. Pamene panalembedwa mphindi zisanu ndi ziwiri panalembedwa mphindi makumi awiri, kenaka makumi asanu, kenaka ola limodzi, kenaka maola awiri.

Mayi Nachisale sankadziwa za magiga, koma manambala ankawerenga bwino kuposa aliyense pamsikapo.

"Amayi akufunsa ngati 2 ameneyu ndi wa mphindi."

"Muwauze kuti kakungokoka mpweya."

"A Likoswe," anatero a Gomiwa, "mphindi zanu zija n'za ku Limbe kapena zathu zomwe zino? Mwina za m'tauni n'zazitali."

Anthu anaseka, ndipo kireti ija inayamba kutha. Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa apa ndiye pamene pagona uchitsiru wonse. Nthawi inali itangopitirira pang'ono hafu pasiti wanu. Maola awiri akadatha hafu pasiti fili, nthawi yeniyeni yonyamukira. A Likoswe akadangopinda manja, n'kupirira kusekedwa, kabokosi kakadamaliza ntchito pang'onopang'ono, apongozi n'kumanga pachitenje, nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo mwambi sukadabadwa. Koma munthu amene walemba MPHINDI 8 pachitseko ndi choko sapinda manja.

Anapirira theka la ola, thukuta lili kamukamu kuseri kwa chitenje. Kenaka dzanja linatuluka n'kukhudza kabokosi. Kanali kotentha.

"Ndadziwa vuto," anatero mawu aja. "Katopa ndi kutentha. Komanso kalemedwa ndi zimene kalandira kale. Tikapepuze, tikapumitse, tiyambirenso bwinobwino."

"Bambo a Ndaziona, musakhudze," anatero Felesiya, ndipo awa sanali mawu a amayi ake, anali akeake.

Koma dzanja linali litadina kale. Linaimitsa kukopera, linafufuta zonse zimene zinalowa, magiga oposa makumi asanu ndi limodzi, n'kubwerera pa ziro. A Likoswe anapempha lichero kwa mayi wina wogulitsa mtedza, ndipo kwa mphindi khumi anthu anaonerera dzanja la mkamwini likukupiza bokosi la machesi ngati likukupiza mfumukazi. Litatha, linadinanso.

Ndipo kamzere kanathamanganso. Asanu, khumi, khumi ndi asanu, liwiro lomwe lija. Khonde la kabokosi linali litasesedwa, ndiye kanali kulandiranso mwamsangamsanga, koma a Likoswe za khonde anali ataziiwala ku Limbe konko. Iwo anaona kuti mankhwala awo agwira ntchito.

"Mwaona? Amake Ndaziona, muwauze amayi kuti mkamwini wawo ndi dokotala."

Felesiya asanatsegule pakamwa, kamzere kanafika pa makumi awiri n'kugwada pomwe paja. Maola awiri.

"Amayi akuti dokotalayo wodwala wake wakomokanso."

A Gomiwa anagwira m'mimba. Munthu wometedwa mbali imodzi uja anati asamumalize kaye, sakufuna kuphonya kanthu. Mayi wina anati mwina kabokosiko kakuchita manyazi ndi apongozi, nakonso akaikire chitenje. Wina anati ayi, vuto ndi perekaniperekani, azakhali a mkwati aja akukana kulowa mpaka nyimbo yawo ibwerezedwe.

A Likoswe anayang'ana wotchi. Thu koloko inali itapitirira ndi mphindi khumi ndi zisanu. Masamu anawathawa. Chimene chinatsala m'mutu mwawo n'chakuti lichero linathandiza, kungoti linachepa. Anapirira mpaka pafupifupi fili koloko, kenaka anaimitsanso, anafufutanso, ndipo ulendo uno anasanjika kabokosi pamwamba pa botolo lozizira lomaliza la m'kireti muja, lichero likugwira ntchito pambali. Anadina kachitatu. Kanathamanga kachitatu. Panalibenso woimba nthungululu. Anthu onse ankangowerenga pamodzi ngati ana a sitandade wanu: khumi ndi asanu ndi atatu, khumi ndi asanu ndi anayi, makumi awiri. Ndipo atangoti makumi awiri, kanagwada, anthu n'kuwomba m'manja chifukwa kanasunga nthawi.

Hafu pasiti fili itakwana, kamzere kanali kasanafike n'pakati pomwe. Mayi Nachisale anaimirira, anakonza duku, anamanga chitenje mwamphamvu.

"Amayi akuti minibasi siidikira machesi. Akuti akamuuza Lufeyo ukwatiwo pakamwa, mmene ankachitira makolo."

Mawu amenewo anawalasa a Likoswe pamtima. Anaona zaka zina zisanu ndi zinayi za keke zikubwera. Nzeru yomaliza inawafikira mwadzidzidzi. Laputopu ili ndi batire, ingathe kumakopera ili panjira. Akathamanga n'kukafika kusiteji apongozi asanafike, akamunyengerera dalaivala kuti adikire, ndipo akanyamulanso chikwama, palibe amene adzanene kuti mkamwini wa kwa Nachisale sasenza kanthu.

Chitenje chinagwa. A Likoswe anatulukira poyera, anakumbatira laputopu yotsegula kudzanja lamanzere, kabokosi kofiira kali lendee pachingwe, anakokera chikwama cha mizeremizere paphewa lamanja, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka.

Kuyamba kwake kunali kokoma zedi. Anadutsa mabenchi a tomato ngati mphepo. Anadumpha ngalande. Anapitirira kabaza wonyamula mayi ndi nkhuku ziwiri, mpaka wopalasayo anaimba belu powapatsa ulemu. Msika wonse unakhamukira kumsewu kukaonerera, ana akukuwa dzina lawo, ndipo a Likoswe anaganiza mumtima kuti mwina tsikuli lingathe kukomabe.

Pofika pamlatho, ufa unayamba kulankhula. Nyemba zinavomereza. Pachitunda chokwera kupita ku tala miyendo inasanduka ya munthu wina, kuthamanga kunasanduka kuyenda, kuyenda kunasanduka kukwawa, ndipo pakati penipeni pa chitundacho, pamene msewu umapanikizika pakati pa chipupa cha dothi ndi phompho, a Likoswe anaima. Anatsamira chipupa ali wefuwefu, chikwama chitatsetserekera pansi. Anayang'ana pagalasi la laputopu. Kunali kutatsala ola limodzi ndi mphindi makumi awiri.

Kenaka anamva mapazi kumbuyo. Sanali othamanga, sanali ochedwa. Anali mapazi a mayi amene wakwera chitunda chimenecho ndi mkoko wa nthochi pamutu kwa zaka makumi anayi. Mayi Nachisale anali kubwera, Felesiya ali pambuyo pawo. A Likoswe anayang'ana kumanja, chipupa. Anayang'ana kumanzere, phompho. Chinangwa chothawiramo panalibe. Anangoweramitsa mutu n'kudikira kuti uthenga udzere mwa mkazi wawo monga mwa masiku onse.

"Akamwini."

Felesiya anagwira pakamwa. A Likoswe anatsala pang'ono kugwetsa laputopu. Mawuwo sanadzere mwa aliyense.

"Wawa, amayi."

"Tandiuzani. Ukwati wa mwana wanga uli kuti? Uli m'kofiiraka kapena m'chachikuluchi?"

"Wonse uli m'chachikuluchi, amayi. M'kofiiramu mwangolowa zakutchalitchi zokha. Akwati sanatuluke n'komwe."

"Ndiye chachikuluchi chikapita ku Joni, Lufeyo akaonera?"

"Akaonera, amayi."

"Nanga tavutikiranji tsiku lonse?"

Mayi Nachisale anatambasula dzanja, anazula kabokosi kofiira ngati akuzula chisoso m'munda, n'kukaika m'chikhatho cha mkamwini wawo. Anatseka laputopu, anaikulunga m'chitenje chapadera, anaigoneka pakati pa ufa ndi mtedza kuti isagundike. Felesiya anapisa m'thumba mwake n'kutulutsa tchaja ya laputopuyo. Anali ataizula kushopu pamene dzanja lija linafufuta kachiwiri.

"Idzabwera ndi ine mwezi wamawa," anatero mayi Nachisale.

"Amayi, pepani, Loweruka la sabata yamawa ndili ndi ukwati wina. Ndikajambula ndidzasunga pati?"

"Mubwereke ya anzanu, musunge m'kofiirako. Kali ndi mwezi wathunthu, mwina kamaliza."

Anawerama, anakweza chikwama okha n'kuchiika pamutu, chikwama chomwe chija chimene chinagwetsa mwamuna wamkulu, kuwonjezapo laputopu. Minibasi anaipeza kondakitala akuitanira munthu womaliza. Ukwati unafika ku Joni wonse wathunthu, ndi mbuzi yomwe, ndipo Lufeyo anaonera maola asanu ndi anayi osadzuka, kenaka anaimba foni kuti alamu ake ali ndi dzanja la golide pa kamera, anzake awiri a kumeneko akufuna adzawajambulire maukwati awo pa Khirisimasi. Sabata yotsatira a Likoswe anapezekanso ku Limbe, ndipo Elube atangowaona pakhomo anatsitsa kotuwa pashelefu osafunsa funso.

Koma chimene chinatsala pamsika wa Nansadi si zimenezo ayi. Ndi mawu amene mayi Nachisale ananena pachitunda paja asanapitirire ulendo, azimayi a nthochi amene anatsatira pambuyo akumva. Anayang'ana kabokosi kotentha kali m'chikhatho, anayang'ana mwini chikhathoyo akupumirabe m'mwamba, ndipo anapukusa mutu pang'ono, chikwama osagwedezeka.

"Nonse awiri munayamba bwino, akamwini. Koma wothamanga umamudziwa atasenza."